Ulendo wa ku Likoma pa Ilala: amene munapitako tandiuzeni

Bambo a Tadala:
Mwaswera bwanji abale ndi alongo. Andipatsa tchuthi cha masabata awiri mu Okutobala, ndipo chaka chino ndalumbira kuti sindikathera tchuthi kumudzi n'kumaweruza milandu ya malire a munda. Ndikufuna malo a zii, kopanda hutala ya minibasi, kopanda wondiimbira kuti "bwana tangofikani pang'ono ku ofesi". Mtima wanga uli ku Likoma, ndipo ndikufuna kupita pa sitima ya Ilala osati pa ndege. Vuto n'lakuti mayi a kunyumba madzi amawaopa zedi, ngakhale pa mlatho amadutsa atatsinzina. Amene munapitako tandiuzeni: tikakwerere kuti, titenge chiyani, nanga kumeneko munthu amatani tsiku lonse?

Mjoni:
Kkkk mukuthawa milandu ya munda kuti mukakumane ndi mafunde. Ine nyanja ndimaikonda ikakhala m'mbale, yokazinga, pambali pali nsima.

Chemwali a ku Makulawe:
Bambo a Tadala, mwafunsa kwathu ndiye ndikuyankhani motalika, mundipirire. Ndinabadwira ku Makulawe, kumpoto kwa chilumbacho, ngakhale pano ndikukhala ku Ndirande. Njira zilipo ziwiri. Mutha kukakwerera ku Monkey Bay komwe sitimayo imanyamukira, kawirikawiri Lachisanu, n'kugona usiku wonse pamadzi, kufika ku Likoma Loweruka. Kapena mupite pa basi mpaka Mzuzu, mutsikire ku Nkhata Bay, mukaidikire pomwe ikubwerera kuchokera ku doko la Chilumba ku Karonga. Masiku onse omwe ine ndakwera imanyamuka pa Nkhata Bay Lolemba madzulo, kuima pa chilumba cha Chizumulu pakati pa usiku, kufika kwathu kukucha Lachiwiri. Poti mayi amaopa madzi, tengani ya Nkhata Bay, ndi makilomita ngati 70 basi, osati ya ku Monkey Bay yomwe mukhala pamadzi tsiku lathunthu ndi usiku wake. Mukatsika Lachiwiri, sitima ibweranso Loweruka ikupita kumpoto, ndiye masiku anu pachilumba awerengeka okha. Koma muimbe foni kudoko sabata yomweyo, mumve ngati ikuyenda. Nyanja ilibe wotchi.

Bambo a Tadala:
Zikomo kwambiri chemwali. Nanga Okutobala ndi nthawi yabwino?

Chemwali a ku Makulawe:
Mwasankha bwino osadziwa. Mwera umavuta kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kulowa mu Seputembala. Okutobala nyanja imagona, madzi ngati galasi, kungoti kutentha kwake musadzandide. Mvula ikayandikira ndiye kumabwera mpoto, uja umadzidzimutsa. Mango amakhala atangoyamba kupsa, mukanachedwa pang'ono mpaka Novembala mukanabwerako mimba ili tiii.

Mayi Geni wa ku Mzuzu:
Ine Ilala ndi ofesi yanga, ndakwera zaka zoposa khumi kukapikula usipa. Ndikuuzeni zoona zake bambo. Pansi, ku ekonome, ndiye komwe kuli anthu. Matumba a ufa, malata, simenti, makireti a zakumwa, nkhuku, matiresi, njinga, ana, zonse pamodzi. Ukapeza pokhala usadzuke, ukadzuka wapereka malo. Fungo la nsomba zouma limakulowa mpaka mu chitenje, ukafika kunyumba amphaka amakulondola. Koma nkhani zake! Umamva za ukwati wa anthu osawadziwa, mitengo ya nsomba ya madoko onse, ndale, maliro, pofika m'mawa mwasanduka achibale. Inu poti mukupita kokapuma ndi mayi, lipirani ya pamwamba. Kumeneko kuli mphepo, kuli bala, mumayala pogona panu n'kumaona nyenyezi. Zipinda zogona ziliponso koma n'zochepa, zimafunika kusungitsa nthawi ilipo.

Mjoni:
Ndiye kuti ngakhale pamadzi pali Area 10 ndi Mtandire.

Mayi Geni wa ku Mzuzu:
Ee kumene achimwene, koma mafunde akayamba onse amasanza mofanana, sasankha tiketi.

Bambo a Tadala:
Mayi Geni, uthenga umenewu ndaufufuta msanga mayi a Tadala asanauone kkkk.

Nangozo:
Musawabisire, auzeni koma muwakonzekeretse. Ine ndi namwino, ndagwirapo ntchito m'mbali mwa nyanja. Za nseru: asakwere ndi njala, komanso asadye zamafuta ambiri ngati tchipisi cha pachiwaya. Akhale pakati pa sitima pomwe sipagwedezeka kwambiri, pamalo popita mphepo, maso aziyang'ana kutali osati pa foni. Mapiritsi oletsa nseru ya paulendo amapezeka m'mafamase, amwe kukadali ola limodzi kuti mukwere, kungoti amagonetsa. Tengani neti kapena mafuta othamangitsa udzudzu, malungo kunyanja ndi osayamba. Za likodzo, tizilombo take timakhala mu nkhono zomwe zimakonda madzi odekha, a bango ndi udzu. Sambirani pamchenga poyera pomwe mafunde amamenya, ndipo mukabwerako pakatha masabata 6 kapena 8 mukayezetse. Funsaninso eni dera malo osambira, iwo ndi omwe amadziwa komwe kunaonekapo ng'ona.

Bambo a Tadala:
Mawu omalizawo ndiye mwandiphera ulendo anamwino.

Chemwali a ku Makulawe:
Kkkk ayi musaope. Ife tonse tinakulira m'madzi momwemo, miyendo tili nayo iwiri iwiri. Ongofunika ndi kufunsa, komanso osasamba kukada.

Mphunzitsi Wopuma:
Ana anga, ndaona mukukamba za nseru ndi nsomba, palibe watchula zaka za sitima yomwe mukufuna kukwerayo. Ilala imeneyi inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Inabwera zidutswazidutswa kudzera pa doko la Beira, anadzailumikiza ku Monkey Bay, n'kuyamba kunyamula anthu mu 1951. Werengani nokha zaka. Ndi yaikulu kuposa ine amene ndinapuma ntchito kalekale, koma iyo ikadali pa ntchito. Isanabwere iyoyi kunali ina yotchedwa Vipya, yomwe inamira pa 30 Julaye 1946 kumpoto, cha ku Chitimba, ndipo anthu 145 anathera momwemo. Unali mwezi wa mwera umenewo. Nyanja yathuyi malo ena ndi yakuya mamita 700, si dziwe ayi.
Dzina loti Ilala nalo lili ndi mbiri. Ndi dera la ku Zambia, kwa mfumu Chitambo, komwe David Livingstone anamwalirira mu 1873. Ilala yoyamba inali kasitima ka nthunzi komwe amishoni a ku Scotland anabwera nako mu 1875. Pa mathithi a Shire anakaphwasula, anthu n'kusenza zidutswa pamutu mpaka kumtunda kwa mathithiwo. Anthu osenzawo ndi makolo athu, mayina awo sanalembedwe paliponse.

Mjoni:
Aphunzitsi, munthu akufuna kulimbitsa mtima mkazi wake inu mukumuwerengera anthu omira?

Mphunzitsi Wopuma:
Ndikumuuza kuti sitima yomwe yayenda kuyambira 1951 nyanjayi ikuidziwa. Umve mpaka kumapeto mwana iwe.

Achimwene a ku Leeds:
Funso langa ndi lina. Ndikayang'ana mapu, Likoma ali mphuno ndi mphuno ndi Mozambique, kutali ndi gombe lathu. Zinatheka bwanji kuti akhale wa Malawi? Anzanga kuno akandifunsa ndimangoseka.

Mphunzitsi Wopuma:
Funso labwino. Likoma ndi Chizumulu zonse zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Chinachititsa ndi mishoni. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika pa Likoma mu 1885, n'kupanga chilumbacho kukhala likulu la ntchito yawo ya m'mbali mwa nyanja. Pomwe Angerezi ndi Apwitikizi ankagawana malire mu 1891, gombe la kum'mawa linapita kwa Apwitikizi koma zilumba ziwirizo zinatsala m'manja mwa Angerezi chifukwa cha amishoniwo. Mu 1954 atagwirizana kuti malire adutse pakati pa nyanja, zilumbazo zinakhalabe za Nyasaland. Ndiye Bambo a Tadala, mukamakafika mudzakhala mutadutsa m'madzi a eni ake, koma pasipoti safunsa pokhapokha mutafuna kuwolokera ku Cobué, pagombe la Mozambique.

Chemwali a ku Makulawe:
Ku Cobué ife timangoti kutsidya. Ndi pafupi moti kukacha bwino nyumba zimaoneka. Nkhuni zambiri zomwe timaphikira zimachokera komweko, maukwati ndi apachibale ali mbali zonse ziwiri. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique anthu ambiri anathawira kwathu, ena anakhaliratu. Ngakhale chiyankhulo chathu, Chinyanja cha ku Likoma, chimafanana kwambiri ndi cha kutsidyako kusiyana ndi Chichewa cha ku Dedza. Mukadzamva agogo akucheza okhaokha mudzagwira mawu awiri mwa atatu.

Bambo a Tadala:
Zikukoma. Tsono funso lija lachitatu: tsiku lonse munthu amatani?

Achimwene a ku Leeds:
Samatani kanthu, ndiye kukoma kwakeko! Ine ndinapita ndi mnzanga zaka zingapo zapitazo. Kudzuka, kulowa m'madzi, kuona tinsomba ta mbuna ta buluu ndi tachikasu tikuzungulira miyala pafupi ndi mapazi ako, kutuluka, kugona pansi pa mtengo wa mango, kudya kampango, kugonanso. Galimoto unkatha kuziwerenga ndi zala. Usiku mdima weniweni, nyali za asodzi zili ndandanda panyanja ngati tauni yoyandama. Kuno ndikatopa ndi kuzizira ndimatseka maso n'kumakumbukira zimenezo. Anthu a ku Likoma ali m'paradaiso koma sadziwa.

Chemwali a ku Makulawe:
Achimwene a ku Leeds, pamenepo pokha ndikutsutsani, musakhumudwe. Timadziwa kukongola kwa kwathu, sitinabadwe akhungu. Koma bata lomwe inu mumalipirira kuti mukalimve masiku anayi, ife timalilipira chaka chonse. Thumba la simenti likafika pa doko lathu la Mbamba lakwera kale galimoto, lakwera sitima, lasenzedwa, mtengo wake si wa ku Mzuzu. Nthaka ndi yamchenga ndi miyala, chimanga chokwanira anthu onse sichingatuluke pamenepo, timadalira chinangwa ndi ufa wobwera pa sitima. Sitima ikapita kokakonzedwa mashopu amayamba kuyera. Azakhali anga anadwala mwezi wa Julaye, anafunika kupita kuchipatala chachikulu kumtunda, mwera unali utakwiya, maboti onse ali pagombe. Tinakhala masiku awiri tikungoyang'ana nyanja. Anachira, Mulungu ndi wabwino, koma kuyambira pamenepo mawu oti paradaiso ndimawamva mwina. Galimoto zochepa zomwe mukuyamikirazo, kwa mayi woyembekezera wa ku Makulawe ndi mtunda wapansi.

Achimwene a ku Leeds:
Ndamva chemwali, ndinayankhula ngati mlendo. Pepani.

Chemwali a ku Makulawe:
Palibe mlandu. Bwerani ndithu, alendo timawafuna. Kungoti mukabwera muzigulako tomato pamsika, muzikwera njinga zamoto za anyamata athu, osangotsekeredwa ku loji mpaka tsiku lobwerera.

Mjoni:
Koma inu chemwali mukudandaula chonchi bwanji simubwerera kukatukula kwanu? Mwakhala pa Ndirande phee.

Chemwali a ku Makulawe:
Funso limenelo likuchokera ku Johannesburg?

Mayi Geni wa ku Mzuzu:
Kkkkkk wagwa nayo Mjoni.

Admin:
Tiyeni tibwerere ku ulendo wa Bambo a Tadala. Zotukula maboma tidzatsegulira tsiku lake.

Mphunzitsi Wopuma:
Chinthu choyamba kukaona ndi tchalitchi cha St Peter's. Anayamba kumanga mu 1903, anachipatula mu 1911. Malo omwe chinamangidwapo amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo amishoni anasankha dala pamenepo. Ukachiona umadabwa kuti chinyumba chotere chinatheka bwanji pa kachilumba ka masikweya kilomita 18, nthawi yomwe kunalibe thirakitala kapena kireni. Muli mawindo a magalasi amitundu ndi mipando yosema pamwala. Mukapemphe wosamalira tchalitchi akuonetseni mtanda womwe amati unasemedwa ku mtengo wa kwa Chitambo komwe Livingstone anafera. Mukamufunsenso za Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895 atangodzozedwa kumene, ali paulendo wobwerera ku Likoma. Manda ake ali ku Nkhotakota. Sitima ya mishoni yomwe inayamba kuyenda mu 1901 anaitcha dzina lake. Sukulu za mishoni imeneyi ndi zomwe zinachititsa kuti anthu a ku Likoma adziwe kulemba ndi kuwerenga msanga, n'chifukwa chake kale m'maofesi ambiri, ngakhale ku Harare ndi ku migodi ya ku Zambia, mumapeza kalaliki wa ku Likoma.

Nangozo:
Aphunzitsi mwatchulanso wina womira.

Mphunzitsi Wopuma:
Mbiri ya nyanja ndi yomweyo mwanangu, ine ndilakwa chiyani?

Wa ku Same:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Nonse Likoma, Likoma, ngati boma lija lili ndi chilumba chimodzi. Bambo a Tadala munati mukufuna malo a zii. Zii weniweni ali ku Chizumulu. Kachilumba kathu ndi kakang'ono, mutha kukazungulira wapansi m'mawa umodzi n'kubwerera nsima isanapse. Kuli malambe akuluakulu, minda ya chinangwa yokwera m'phiri, njira zake ndi zapansi basi. Mukakwera phiri la Chingole mumaona Likoma uko, mapiri a Mozambique uko. Ife timayankhula kwambiri Chitonga, ndiye mukaphunzireko moni. Sitima kwathu siifika pagombe, imaima patali, anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono, nthawi zambiri usiku. Muvale zoti zikanyowa musadandaule, foni muikulunge mu jumbo, ndipo mayi agwire dzanja la munthu wa m'botimo osati lanu, inu nomwe mudzakhala mukunjenjemera.

Chemwali a ku Makulawe:
Achimwene anga a ku Same anena zoona, kungoti kwawoko zii wake amafika poti tambala akalira chilumba chonse chimadzuka.

Wa ku Same:
Ndiye n'zimene akufuna bambowa.

Mayi Geni wa ku Mzuzu:
Nyali zomwe anena a ku Leeds zija ndi za kauni, usodzi wa usiku wa nyali. Siginala amakhala m'bwato ndi nyali kukopa usipa, alovi, asodzi anzakewo, n'kuzinga ndi ukonde wa chilimira. Mukafuna usipa wabwino mulawirire kugombe dzuwa lisanatuluke, pomwe akukocheza, musanapikisane ndi ife a geni. Koma onani mwezi kaye. Mwezi ukawala usipa sutengeka ndi nyali, umasowa, mtengo umakwera. Mupite mwezi uli mumdima. Ndipo mukaona ngati utsi wakuda ukutuluka pakati pa nyanja musakuwe kuti sitima ikupsa, ndi nkhungu, touluka tating'onoting'ono. Anthu amatigwira n'kupanga ndiwo.

Bambo a Tadala:
Zogona ndi ndalama zili bwanji?

Chemwali a ku Makulawe:
Zili mitundumitundu. Kuli Kaya Mawa ya anthu olemera, mtengo wake mukaumva mudzanenadi kuti kaya mawa. Kuli Mango Drift ndi Ulisa Bay, kulinso maresitihausi wamba cha ku Mbamba omwe anthu a boma ndi a geni amagona. Ndalama tengani zapamanja zokwanira, zing'onozing'ono, osadalira kuti mukatapa kumeneko. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira koma ma ejenti nthawi zina ndalama zimawathera. Magetsi masiku ano aliko bwino chibwerere a dzuwa, kale jenereta ikazima usiku kunali kugona basi. Mukakhala ndi mwayi mukapeza malipenga, anyamata atavala zoyera mbee akuguba ndi zipenga za zikho, kapena amayi akuvina chioda. Ndipo mukakumana ndi akuluakulu panjira perekani moni, kwathu munthu sadutsa ngati mbuzi. Anthu onse m'boma lija pa kalembera wa 2018 anali ongopitirira 14,000, ndiye pofika tsiku lachiwiri aliyense adzakhala akudziwa kuti kwabwera bambo wa ku Lilongwe ndi mkazi wake woopa madzi.

Chemwali a ku Makulawe:
Komanso poti mukupita, kakatundu kakang'ono ka amayi anga simungandinyamulireko? Ndi shuga, sopo ndi mankhwala a BP basi. Ndikatumiza pa basi mudzalandirire ku depoti.

Wa ku Same:
Ngati mungaime pa Chizumulu, inenso ka batire ka sola.

Mjoni:
Kkkkk tchuthi chasanduka mtengatenga. Mumathawa milandu ya munda, onani tsopano.

Bambo a Tadala:
Ka chemwali ndinyamula. Batire ayi achimwene, ndili kale ndi katundu wofunika kumugwira dzanja.

Admin:
Bambo a Tadala, papita mwezi. Munapita kapena mayi anakana? Gulu likudikira lipoti.

Bambo a Tadala:
Tinapita abale, tabwerako Lamlungu, ndimayembekeza kuti thupi lisiye kuyendayenda lokha ndisanalembe. Tinakwerera pa Nkhata Bay monga munanenera. Chodabwitsa choyamba: amene amaopa madzi uja anagona tulo tofa nato pamwamba paja atafunda chitenje, amene anakhala maso usiku wonse atagwira chitsulo ndine. Nyanja inali yodekha, koma mdima wake ndi kulira kwa injini zinandikumbutsa anthu onse omira a aphunzitsi, mmodzimmodzi. Pa Chizumulu tinaima pakati pa usiku, ndinasuzumira pansi ndikuona maboti akubwera ndi matochi, anthu akupatsirana makanda ndi matumba mumdima ngati akupatsirana mbale pa ukwati. Achimwene a ku Same, ulemu wanu, koma kutsika pamenepo sindikanatha.

Likoma tinamuona kukucha. Miyala ikuluikulu, malambe ali njo opanda masamba, mchenga woyera, kuseri kwake mapiri a Mozambique dzuwa likutulukira komweko. Mayi a Tadala anangoti "kodi ndi Malawi yemweyu?"

Katundu wa chemwali ndi amene anatipangira ulendo. Lachitatu tinati tiyende wapansi kupita ku Makulawe, tinanyamuka mochedwa, dzuwa la Okutobala linatiphika panjira mpaka tinakhala pansi pa mlambe ngati anthu othawa nkhondo. Kamtsikana kena kochokera kusukulu kanatifunsa komwe tikupita, titatchula dzina la amayi aja kanangolanda jumbo n'kutitsogolera. Tinafika ngati alendo a mphindi khumi, tinachoka dzuwa litapendeka. Anatiphikira kondowole ndi utaka wowotcha. Ine kondowole ndinkamunyoza, ndinkati ndi guluu, tsiku limenelo ndinapempha mtanda wachiwiri. Amayi aja anatilozera manda a amuna awo, sukulu yomwe chemwali anaphunzira, ndi malo pagombe pomwe anakhala masiku awiri aja akudikira kuti mwera uleke. Pobwerera anatiitanira mnyamata wa njinga yamoto, anati anthu a ku Lilongwe miyendo yawo ndi ya pa kapeti.

Ku St Peter's tinapitako kawiri. Ulendo woyamba kukaona nyumbayo, mtanda uja anationetsadi aphunzitsi. Ulendo wachiwiri tinangomva kwaya ikuphunzira nyimbo madzulo, tinalowa n'kukhala kumbuyo, mawu akuzungulira m'chinyumba chija mpaka tsitsi kuima. Ife ndi a CCAP koma palibe anatifunsa.

Chomwe sindinakonde: tinachita haya boti lamatabwa kuti litizungulitse chilumba, tinagwirizana mtengo pagombe, tili pakati mwini wake akuti mafuta akwera tiwonjezere. Munthu uli pamadzi ungakane bwanji? Komanso munalibe majekete oyandamitsa ngakhale limodzi, ndinazindikira tili kale kutali. Amene mudzapite, onani majekete musanakwere ndipo mtengo mumalizirane pamaso pa mboni. Koma zomwe tinaona kuseri kwa chilumba, timagombe topanda phazi la munthu, nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba pafupi ndi ife, sindingazinyoze chifukwa cha mkangano wa mafuta.

Zakuti malo a zii, ndinawapeza, koma si zii amene ndinkaganiza. Mbandakucha pagombe pamakhala phokoso la alovi ndi amayi a geni kuposa msika wa Lizulu. Tsiku la sitima chilumba chonse chimathamangira ku Mbamba, wina kudzalandira mwana, wina ufa, wina kungodzaona amene watsika. Sitima ikangochoka ndiye kumagwa bata loti umamva mbuzi ikutafuna. Foni ya ku ofesi inalira kamodzi, ndinawauza kuti sitima yotsatira ndi Loweruka, anangoti "chabwino bwana" n'kudula.

Mayi a Tadala analowa m'madzi mpaka m'chiuno tsiku lomaliza. Chithunzi ndili nacho koma andiletsa kuponya pano.

Nangozo:
Mpaka m'chiuno ndi madzi ndithu. Masabata aja muwerenge, nonse awiri mukayezetse.

Achimwene a ku Leeds:
Mwandipweteka mtima ndi nkhani ya kwaya. Disembala ndikubwera.

Wa ku Same:
A ku Leeds mukamabwera, batire lija likadali pano.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwandisangalatsa mwana wanga. Koma phiri la Macholo simunakwere?

Bambo a Tadala:
Aphunzitsi, ulendo wa ku Makulawe unandikwanira. Chemwali a ku Makulawe, amayi anakupatsirani katoni ya usipa wouma ndi ufa wa kondowole, akuti mwaonda pa chithunzi chomwe munawatumizira. Katoniyo ili m'nyumba mwanga ku Area 25 tsiku lachinayi lero, amphaka a ma neba onse asamukira pakhonde panga. Nditumize pa basi iti?

Chemwali a ku Makulawe:
Mayo ine amayi anga! Tumizani ya mawa m'mawa yofikira pa Wenela, mundipatse nambala ya kondakitala ku inbox. Mutapeko mbale imodzi ya usipa ikhale ya mayi a Tadala.

Bambo a Tadala:
Anatapa kale Lolemba.